Zimene Bernard Anadula

Bernard Kachingwe anali wa ku Ntcheu. Boma linamutumiza kukaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera pafupi ndi Kande, ndipo anakhalako zaka zisanu asanadziwe Chitonga choposa cha moni ndi cha pamsika. Sankaona vuto. Anthu a kumeneko akaona mlendo amasinthira okha ku Chichewa, ndipo iye anazolowera kuti azimusinthira.

Podikasiti anaiyamba chifukwa chosungulumwa. Loweruka akamachapa ankamvera za anthu akunja pa foni, mpaka tsiku lina anadzifunsa kuti bwanji palibe yonena za kuno. Maganizowo anauza Uchizi Manda, mayi wa zaka za m'ma 30 amene ankagula usipa kwa asodzi, kuuyanika, n'kukagulitsa ku Mzuzu. Uchizi anafika Folomu 4, pakamwa pake panali popepuka, ndipo kuyambira ku Kande mpaka ku Chintheche panalibe khomo limene sankalidziwa.

"Chinthucho n'chiyani, asambizi?" anafunsa Uchizi, pomutchula mmene a kumeneko amatchulira aphunzitsi.

"Ndi pulogalamu ngati ya pa wailesi, achemwali. Koma munthu amaitsitsa pa foni n'kumvera nthawi imene wafuna."

"Ndiye akatiuze ndani zoti tinene?"

"Palibe. Tizicheza ndi anthu a konkuno, azitiuza za ntchito zawo."

Anaitcha Pathandala, chifukwa gawo loyamba analijambulira pambali pa mathandala oyanikapo usipa. Gawolo linawonongeka lonse. Atamvera anapeza mphepo yokhayokha ikuwomba mu foni, mawu a anthu ali kutali ngati ochokera pansi pa chitsime. Anaphunzira pang'onopang'ono. Anayamba kujambulira m'chipinda cha Bernard, matiresi ataimika kukhoma ndi chitenje atatchinga pawindo kuti mawu asamabwerere. Foni ankaiika pa nsalu yopinda, pakati pa mlendo ndi wofunsa, atazimitsa netiweki kuti wina asaimbe nkhani ili m'kati. Akatuluka panja ankaiveka sokosi. Mvula ikamagwa padenga la malata ankangodikira. Gawo lililonse ankalichepetsa kuti lisadye bandulo ya munthu, n'kulitumiza pa Watsapu Lachisanu masana. Ankakalisiyanso ku mashopu obena nyimbo ku Chintheche, kuti opanda bandulo azikaliika pa memole khadi.

Anacheza ndi wosema mabwato amene anafotokoza mmene amadziwira mtengo wobooka m'kati asanaugwetse. Anacheza ndi bambo wina wa ku Mulanje amene anakhala zaka 20 akucheka mitengo ya labala pa esiteti, ndipo anawauza kuti mpeni ukalowa kwambiri mtengo umapola ndi chipsera n'kusiya kutulutsa utomoni pamenepo. Anacheza ndi a kabaza a ku Mpamba. Bernard ankagwira za foni ndi zodula mawu. Uchizi ndiye ankapeza anthu, kuwafunsa, ndipo mlendo akathawira ku Chitonga iye ankabwereza mfundoyo m'Chichewa.

Lamulo linali limodzi, ndipo analiika ndi Uchizi. Gawo lisanatuluke, mwini mawu azilimva kaye. Akati pena pachotsedwe, pazichotsedwa.

"Inu mudzasamutsidwa tsiku lina," anatero Uchizi. "Ine anthu awa ndidzakumana nawo pamaliro mpaka kufa."

Patatha miyezi inayi anali ndi omvera pafupifupi 300. Uchizi ankaona kuti ndi ambiri, poti ankawadziwa nkhope. Mu minibasi anthu ankamufunsa za Lachisanu likubwerali. Koma Bernard ankayang'ana nambala m'mawa uliwonse, ndipo nambalayo inali itaima.

Anaimbira Trevor, mnzake wa ku koleji amene anali ku Lilongwe pa ntchito yotsatsa malonda pa intaneti. Trevor anamvera magawo atatu n'kumuuza mosabisa.

"Zinthu zili bwino, koma mukuchedwa kuyamba, aise. Moni yekha mphindi zinayi. Yambani ndi mawu okoma kwambiri amene mlendo wanena, moni abwere pambuyo. Gawo lisapitirire mphindi 20. Pamene nkhani ikukoka miyendo, dula. Tsiku lotulutsa usaliphonye ngakhale kamodzi, anthu amaiwala msanga. Ndiye gawo lililonse uzitengako kachidutswa ka theka la mphindi, ukaike pa Fesibuku ndi mutu woti munthu aime."

Malangizowo sanali oipa. Bernard anawatsatira, ndipo magawo anayamba kumveka bwino kuposa kale. Ngakhale Uchizi anavomereza kuti moni wawo unkatalika. Kumapeto kwa gawo lililonse anayamba kupempha omvera kuti atumizireko mnzawo mmodzi, ndipo ankawerenga mauthenga awiri kapena atatu a omvera, kutchula mayina awo. Pofika Seputembala anali pa 700. Bernard anayamba kuganiza za zikwi.

Mu Okutobala Uchizi anabwera ndi nkhani ya amayi amene amuna awo anapita ku Joni osabwerako. Kuderako nkhani yotere ili pafupifupi m'banja lililonse, koma sikambidwa pagulu. Anati pali mayi wina, Fainess, amene anthu amamutchula ndi dzina la kwawo kuti Nyamhone. Amuna ake, a Overtoun, anachoka zaka 14 zapitazo. Zaka zisanu zoyamba ankaimba foni, kenako anangoti zii. Nyamhone analera yekha ana atatu ndi munda wa chinangwa. Uchizi anamunyengerera milungu itatu kuti alole kuyankhula.

Anapita Lachiwiri masana, kukutentha kwambiri. Nyamhone anawalowetsa m'nyumba, nayala mphasa. Anali mayi wamtali, woyankhula motsitsa, ndipo poyamba ankayang'ana foni ngati ingamulume. Koma Uchizi ankadziwa kufunsa. Anayamba ndi za chinangwa, za sukulu ya ana, mpaka Nyamhone anaiwala kuti pali foni. Anafotokoza m'Chichewa chake chosakaniza mmene ankathamangira kumsewu akamva kuti basi ya ku Joni yatsitsa munthu. Anafotokoza mmene kutchalitchi ankasowera pokhala, poti sanali wamasiye komanso sanali ndi mwamuna. Kenako ananena kuti:

"Bola akanafa. Ndikanadziwa pamene pali manda, ndikanalira n'kumaliza."

 Bernard anadziwa nthawi yomweyo kuti mawu oyambira gawo wawapeza.

Zitatero Nyamhone anapukuta m'maso, natembenukira kwa Uchizi n'kuyamba kuyankhula Chitonga chokhachokha, mofulumira. Uchizi sanamasulire. Anangomugwira dzanja, ndipo pena awiriwo anaseka. Bernard anatolako dzina la Overtoun ndi liwu loti Khirisimasi, zina zonse zinamudutsa. Nthawi ina Nyamhone analoza foni, Uchizi n'kugwedeza mutu. Zinatenga mphindi pafupifupi 15, ndipo Bernard anazitha akuganiza za mutu umene adzalembe pa Fesibuku.

Atatuluka Uchizi anali pa changu, minibasi ya ku Mzuzu itaima kale pamsewu ndi matumba ake a usipa.

"Musakhudze chilichonse, asambizi," anatero akukwera. "Tikonza limodzi Lachinayi. Pali zoti ndikufotokozereni."

Lachitatu kunabwera uthenga woti azakhali ake a Uchizi amwalira ku Usisya. Uchizi anachoka ku Mzuzu kulunjika ku Nkhata Bay, n'kukwera boti. Kumudzi kumene kunali maliroko netiweki imapezeka pokhapokha munthu akakwera phiri. Lachinayi Bernard anamuimbira katatu, foni yosapezeka.

Anakhala mu ofesi ya aphunzitsi ataweruka, zomvera zili m'makutu. Kujambula konse kunali mphindi 50. Anadula za chinangwa zina, anadula kutsokomola ndi kulira kwa nkhuku. Atafika pa Chitonga chija anamverako pang'ono, n'kudziuza kuti omvera a ku Lilongwe ndi ku Blantyre sangamve, ndiponso kuti pamenepa nkhani ikukoka miyendo. Anachotsa chonse. Gawo linatsala mphindi 19, loyamba ndi mawu aja. Anatumiza kachidutswa kwa Trevor.

"Ichi ndiye unkadikira," Trevor anayankha. "Mawa chituluke."

Bernard anakumbukira lamulo la Uchizi. Kunyumba kwa Nyamhone unali ulendo wa theka la ola pa njinga, ndipo dzuwa linali lidakalipo. Anaganiza zopita. Kenako anaganiza kuti akapita yekha mayiyo achita manyazi, mwina akana, ndipo Lachisanu lidutsa popanda kanthu koyamba m'magawo 31. Anadziuza kuti mayiyo anayankhula yekha, foni akuiona. Sanapite.

Foni yake inali yaing'ono, yodzaza msanga. Monga ankachitira sabata iliyonse, atamaliza kukonza anafufuta kujambula koyambirira kuti apeze malo.

Lachisanu masana anatulutsa gawolo, ndipo kachidutswa anakalemba mutu wakuti "Bola Akanafa: Mayi wa ku Kande Atopa Kudikira Mwamuna wa ku Joni." Pofika Loweruka madzulo kanali kataonedwa ndi anthu 9,000. Lolemba anali 40,000. Otsatira tsamba la Pathandala anachoka pa mazana kufika pa zikwi zisanu ndi chimodzi. Bernard ankalowa m'kalasi akumwetulira yekha. Ndemanga za pansi ankaziwerenga mothamanga. Ena ankamvera chisoni mayiyo, ambiri ankaseka, ena ankatukwana amuna onse a ku Joni. Wina anatenga mawuwo n'kuwaika pa nyimbo yovina.

Uchizi anabwerera Lachiwiri. Sanapite kunyumba kwake, anafikira kusukulu ali ndi chikwama cha kumaliro, n'kutuma kuti Bernard atuluke. Anaima pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa makalasi.

"Kachidutswa kanu kaja ndakamva mu boti," anatero Uchizi. "Munthu wosandidziwa akundiseweretsera mawu a Nyamhone kuti ndiseke nawo."

"Ndinakuimbirani katatu, achemwali."

"Ndinati musakhudze."

"Lachisanu likanadutsa. Ndipo mawuwo ananena okha."

"Munamva zimene ananena pambuyo pake?"



Uchizi anamufotokozera, mawu ake osakwera. M'Chitonga muja Nyamhone ananena kuti mwezi watha a Overtoun anaimba foni, koyamba patatha zaka zisanu ndi zinayi. Anati anadwala, ntchito inatha, mapepala anatha, ndipo ankachita manyazi kubwera chimanjamanja. Analira pa foni. Anagwirizana kuti abwera pa Khirisimasi, ndipo Nyamhone anali atayamba kale kuzira chipinda ndi kufuna malata awiri otseka podontha. Nkhaniyi anali asanauze ngakhale alamu ake, poopa kuti ingalephereke anthu n'kumuseka. Zoti bola akanafa unali mtima wa zaka zam'mbuyo. Pamene ankaloza foni paja ankapempha kuti mawu amenewo achotsedwe.

"Bwanji simunandiuze pomwepo?" Bernard anafunsa.

"Chinali chinsinsi chake, pamaso pake. Ndinkafuna ndikuuzeni tili awiri. Ndinalakwa pamenepo, ndinkayesa mudikira." Anasintha chikwama kuchoka paphewa lina kupita lina. "Komatu inu munali pomwepo, asambizi. Munaona tikuseka. Simunadabwe kuti munthu amene wangonena zimenezija akuseka chiyani?"

Tsiku lomwelo Bernard anachotsa kachidutswako ndi gawo lonse. Sizinathandize. Kanali kale m'mafoni a anthu, kakuyenda pa Watsapu popanda dzina la Pathandala.

Loweruka anapita kwa Nyamhone. Uchizi analola kumuperekeza, koma anati iye sayankhula. Anamupeza kuseri kwa nyumba akusenda chinangwa chovuula, fungo lake lili ponseponse. Anawapatsa mpando, nawalonjera bwinobwino, ntchito osasiya.

Bernard anapepesa. Anali atakonzekera mawu ambiri, koma atayamba anaona kuti onse akungofotokoza za iye mwini, ndiye anafupikitsa. Nyamhone anamvetsera mpaka kumapeto.

"Alamu anga anabwera Lamlungu," anatero. "Akuti ndikufunira mchimwene wawo imfa pa dziko lonse. Kutchalitchi ndinakhala kumbuyo. A Overtoun anzawo a ku Joni anawaseweretsera pa ntchito. Ndaimba kasanu, sakuyankha."

"Ndingathe kuwaimbira ine, mayi, ndiwafotokozere."

"Akudziwani?"

"Ayi."

Anaponya chinangwa m'beseni, natenga china.

"Pali chimodzi mungandichitire, ada. Ndipatseni mawu onse aja, osadula. Ndiwatumizire, amve okha mmene ndinanenera za iwo. Amve kuti ndinaseka."

Bernard anayang'ana pansi. Uchizi anamuyang'ana, ndipo anazindikira iye asananene.

"Ndinafufuta, mayi. Foni inadzaza."

Nyamhone anasiya kusenda. Sanakalipe. Anangoyang'ana mpeni umene unali m'manja mwake.

"Tingajambulenso," Bernard anatero mofulumira. "Lero lomwe. Munene zonse m'Chitonga, achemwaliwa amasulire, titulutse."

"Mawu aja ndinali nawo tsiku lija," Nyamhone anayankha. "Lero ndikanena, aziti ndikudziyeretsa. Ndipo foni yanuyo sindikufunanso kuiona m'nyumba mwanga." Anatenganso chinangwa. "Mwakhala kuno zaka zingati?"

"Zisanu."

"Zisanu," anabwereza, n'kupitiriza ntchito yake.

Pobwerera anakankha njinga mpaka kumsewu. Atafika pa tala Uchizi anati iye Pathandala wasiya. Sananene mwaukali. Anati wosema mabwato uja anamuimitsa pamsika kumufunsa ngati mawu ake nawonso adzawaika pa nyimbo.

Bernard anayesa kupitiriza yekha. Anatulutsa gawo lopepesa, la mphindi zitatu, osatchula za foni ya a Overtoun poti sichinali chake choulula. Analimvera anthu 400. Anthu a ku Kande amene ankawapempha kucheza ankamulandira bwino, kumupatsa mpando, n'kumuuza kuti abwere sabata ya mawa. Sabata ya mawayo ankapeza atapita kumunda. Anajambula magawo angapo ndi aphunzitsi anzake komanso wapolisi wina wa ku Dowa, koma iye mwini ankamva kuti mulibe kanthu. Otsatira zikwi aja sankamvera. Ankangolemba kufunsa kuti mayi uja abweranso liti. Pa gawo la 38 analeka.

Khirisimasi inafika, a Overtoun sanabwere. Achemwali a Overtoun ankauza anthu kuti ndi chifukwa cha mawu aja. Ena ankati munthu amene wakhala zaka 14 sakanabwera ndi kale, kachidutswako kanangomupatsa ponamizira. Palibe amene akudziwa zoona, ndipo Bernard anapeza kuti kusadziwako sikumupeputsa mtima. Anagula kabuku n'kuyamba kulemba mawu a Chitonga, akufunsa mlonda wa pasukulu pa nthawi yopuma. Ankadziwa kuti wachedwa.

Mu Febuluwale kunabwera Jennifer, namwino wa ku Mpamba, amene ankafuna kuyambitsa podikasiti ya amayi oyembekezera. Anamva kuti Bernard ndiye amadziwa za zimenezi. Anakhala pakhonde, Jennifer ali ndi cholembera. Bernard anamuuza za matiresi ndi chitenje, za sokosi, za kuzimitsa netiweki. Anamuuza kuti asadikire maikolofoni yodula, foni yomweyo ikwana. Anamuuza za kuyamba ndi mawu okoma, za kusankha tsiku limodzi pa sabata, za kutchula mayina a omvera amene alemba. Anamuuza kuti agule memole khadi yapadera yosungirako kujambula koyambirira, asafufute ngakhale gawo litatuluka kale.

"Nanga kuti anthu achuluke msanga?" Jennifer anafunsa. "Ndinamva kuti yanu inafika zikwizikwi."

"Inafika. Asisitala, inu Chitonga mumamva?"

"Pang'ono. Ndine wa ku Zomba."

"Pezani wina womva, ndipo musadule chimene simunachimve. Mwini mawu akapanda kumvera, gawo lisatuluke. Tsiku likadutsa lidutse, omvera mudzawapepesa."

Jennifer analemba, kenako anafunsa ngati angamubwereke kapulogalamu kodulira mawu. Bernard anamuikira mu foni n'kumusonyeza pogwira.

Uchizi amamupatsabe Bernard moni akakumana pamsika, ndipo nthawi zina amamuwonjezera usipa pa mulu. Za Pathandala sazitchula. Mu Malichi mwana wamkazi wa Nyamhone, amene anakwatiwa ku Mzuzu, anabwera ndi galimoto yaing'ono kudzatenga mayi ake. Munda wa chinangwa anausiyira mnansi. Bernard anamva nkhaniyi kwa mlonda wa pasukulu patatha masiku anayi, ndipo mlondayo anachita kuibwereza kawiri, pang'onopang'ono, chifukwa anainena m'Chitonga.